Mchere wa Dzanja Lanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Zelita. Ndikudziwa kuti mukanakhala pano mukanati, "Nanga ine ndimati ndani?" koma chaka chakwana chikuperekezereni kumanda, ndiye ndati ndidzitchule dzina monga achitira alendo. Ndikulemba ndili ku Nampula, pa tebulo la kuntchito. Kumudzi ndachokako masabata atatu apitawo, ndipo zimene ndaona kumeneko zandikanika kusunga ndekha.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono, poti inu munkafuna kuti nkhani iziyambira kukhola. Mbuzi yanu yothyoka nyanga ija yaswa ana awiri, ndipo khalidwe lake lolowa m'minda ya eni silinasinthe. Mvula inachedwa, kenako inabwera yolusa. Mpunga wa kudambo unamira, koma chimanga cha ku mashamba, minda yakumtunda ija, chachita bwino, nandolo ndiye osanena. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja munkatchera beseni. Ababa maso akuchita khungu pang'onopang'ono. Ndawauza kuti ng'ala imachotsedwa, iwo akuti zimene anaona padziko pano zakwana. Nsalu yanu ya kapulana yobiriwira ija ndinatenga ine, musavutike kuifuna.

Armando, chitsirizira wanu, anasamuka ku Amaramba kwawo kwa mkazi wake Fatima n'kudzakhala pakhomo panu ku Chiuta kuti azisamala ababa. Makolo a Fatima anavomera mwaulemu, ngakhale kwawo mwana wamkazi sachoka pamudzi wamba. Pakati paja munamusiya napo Fatima anachira patatha mwezi umodzi. Ndi mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu, Anjelina. Armando amamuitana kuti Amayi, choncho mukamva pakhomo akuti "Amayi anyowetsa mphasa," musakhumudwe, sakunena inu.

Ntchito ndi yomwe ija. Ndikadali ku chipinda cha ana odwala magazi ndi khansa, imene kuno timati kankuru. Inu munkauza anzanu kuti, "Wanga uja ndi dotolo wa ana osachira," ine n'kumakwiya. Ena amachira, Amayi. Mwezi wathawu tinatulutsa kamtsikana kamene kanabwera chibwano chitatupa mpaka diso kutsekeka. Mankhwala atalowa m'thupi chotupacho chinaphwa, ndipo tsiku lopita kwawo kanali kukukuta chimanga chowotcha. Koma pa bedi loyandikana nalo panali mnzake amene anafika mochedwa, ndipo mayi wake anabwerera kwawo kumsana kulibe kanthu. Choncho mawu anu aja sindiwatsutsa kwenikweni, ndimangowachepetsako.

Tsopano ndikhale pansi bwinobwino, chifukwa ndikufuna tikambe za Tomasi. Inu nkhaniyi mukuidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndiifotokoze mmene ndinaionera ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, poti ine ndi inu sitinaikambepo mpaka kuimaliza.

Nkhondo itafika kwathu tinathawira ku Malawi, kupitirira Nayuchi, kwa azakhali a Esinati, mlongo wawo wa ababa amene anakwatiwa kumeneko. Kwathu ababa anali mkamwini pamudzi pa abale anu, ndipo mukakhala ndi dandaulo amalume anali pafupi. Kutsidya kuja zinthu zinatembenuka. Mlendo munali inu, wopanda wokunenerani. Ababa anapeza ntchito ku esiteti ya fodya kutali, ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo inu munatsala ndi ine ndi Tomasi, amene anali asanakwanitse zaka ziwiri.

Ndimakumbukira manja ake. Anatupa ngati mandasi, zala osapindika, ndipo ukangomukhudza ankalira mpaka mawu kutha. Mapazi nawo anatupa. Zikhato zinayera, maso n'kuchita chikasu. Azakhali anamuyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti, "Mwana uyu wasemphedwa." Ine sindinkadziwa tanthauzo lake. Anzanga pachitsime ndiwo anandimasulira, kuti kholo likayenda njira yachigololo kenako n'kuthira mchere m'ndiwo, kapena kunyamula mwana, mwanayo amatupa, ndipo dzina lake ndi tsempho. Madzulo ake ndinamva azakhali akufunsa mokweza kuti mudzi wonse umve: "Achimwene ali ku fodya, nanga amene akuthira mchere m'nyumba muno ndani?"

Amayi a pamudzi anakukhazikani kuseri kwa nyumba kuti mutchule dzina la mwamunayo, ati mwana achire. Ine ndinabisala kunkhokwe. Anakufunsani kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, ndipo yankho lanu linali limodzi: "Palibe." Tomasi anamwalira patapita masiku anayi, m'mawa, ali kumsana kwanu panjira ya kuchipatala. Ababa anafika maliro ataikidwa kale. Anakhala pakhonde, anamva zonse zimene mlongo wawo ananena, ndipo sanatsegule pakamwa. Sanakunenezeni, komanso sanakuikireni kumbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo simunathirenso mchere. Amayi ena amapuma kuthira masiku ochepa pamwezi, kenako n'kuyambiranso. Inu munapuma zaka zoposa makumi atatu. Ndiwo zikapsa munkaitana kuti, "Zelita, dzandithirire mchere. Pang'ono, si wa boma." Ndikachulutsa munkalawa n'kunena kuti, "Mwana uyu adzakwatiwa ndi msodzi wa kunyanja ya mchere." Nditachoka kupita kusukulu munapeza kambale kachitsulo kaja, n'kumakaika pambali pa ndiwo kuti aliyense azidzithirira. Tsiku lina ababa anadandaula kuti ndiwo zilibe mchere. Inu munawasunthira kambaleko mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Thirani nokha, inu dzanja lanu ndi loyera." Ababa sanadye tsiku limenelo, ndipo ine ndinaganiza kuti m'mimba mwawo simunali bwino.

Mtendere utabwera mu 1992 sitinanyamuke nthawi yomweyo, tinayamba tadikira kuti timve ngati ndi weniweni. Potsiriza tinakwera lole pamodzi ndi mabanja ena, mitolo pamiyendo, nkhuku zikulira pansi pa mapazi. Podutsa malire pa Entre Lagos anthu anayamba kuimba, koma inu munali mutatembenukira kumbuyo, kumene kunatsala manda a Tomasi. Kwathu tinapeza nyumba itapsa, mango okha ndiwo atakula osatidikira. Tinkayenda mondondozana m'tinjira topondedwa kale poopa mabomba okwirira. Ine ndinkati poti tafika pa nthaka ya abale anu, mudzayambiranso kuthira mchere. Koma amalume anali atafa pankhondo, ndipo nkhani ija inali itakwera nafe lole yomweyo. Nditakufunsani munangoti, "Dzanja langa lisadzapezekenso pa mlandu." Armando anabadwa chaka chotsatira, m'nyumba yatsopano yonunkha dothi laliwisi.

Za sukulu mukuzidziwa. Ndinabwera ndi Chingerezi cha ku Malawi, kuno akufuna Chipwitikizi, ndipo anandibweza m'kalasi ya ana ofika m'chiuno mwanga. Ndinalira, inu munati, "Ukalira m'Chipwitikizi ndiye kuti wayamba kuphunzira." Kuchoka apo ndinapita ku Cuamba, kenako ku Maputo. Chimene sindinakuuzeni bwinobwino ndi tsiku limene ndinasankha ntchito imene ndikugwirayi. Tinkayendera odwala ndi mphunzitsi wathu, ndipo tinaima pa bedi la mwana wamng'ono. Mayi wake atavundukula nsalu ndinaona manja a Tomasi. Kutupa komweko, zikhato zoyera zomwezo, kulira komweko. Mphunzitsi anatchula dzina la matendawo mosavutika, monga munthu atchulira dzina la mnansi wake: anemia falisifome, amene ku Malawi amati sikoselo. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pakhonde, yunifolomu yoyera ili m'fumbi. Sabata yomweyo ndinapimitsa magazi anga, ndipo anapeza kuti mbewu ya matendawo ndili nayo, ngakhale sindidwala.

Mukukumbukira kuti patchuthi ndinabwera ndi kaderinu yolembamo ndi lapisi yojambulira, n'kukukhazikani pakhonde? Ndinajambula tizigawo tofiira ta m'magazi, tozungulira bwinobwino. Kenako ndinajambula tina topindika ngati zenga lomwetera udzu, timene timakodwa m'timitsempha ta m'manja ndi m'mapazi, mwana n'kutupa. Ndinati mwana amadwala pokhapokha akalandira mbewuyo kuchokera kwa makolo onse awiri, ndipo amabadwa nayo, mchere sulowapo. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu a Chipwitikizi akugwera m'kati. Inu munayang'ana pepalalo n'kunena kuti, "Wajambula bwino." Kenako munafunsa, "Ndiye kuti magazi anga ndi oipa?"

Ndinati, "Ayi, Amayi, si oipa. Theka ndi lanu, theka ndi la ababa."

Munafunsanso kuti, "Ababa ako wawauza?"

Ndinati ndidzawauza. Madzulo ake ndiwo zitapsa munandiitana kuti ndidzathire mchere, ndipo ine ndinakwiya mumtima. Ndinati mayi awa ndi osamva, sayansi yonseyi yangopita pachabe.

Wosamva ndinali ine, Amayi. Inu simunkafuna kudziwa kuti ndinu wosalakwa, zimenezo munkazidziwa kale. Munkafuna kuti zinenedwe pabwalo, pamaso pa anthu, poti mlandu unanenedwa pamaso pa anthu, ndipo azinene ndi munthu amene anakhala chete tsiku lija. Koma ine ndinachita manyazi. Mwana wamkazi amayamba bwanji nkhani yotere ndi bambo wake? Ndinati tchuthi chamawa, kenako ndinati ndikamaliza maphunziro apamwamba, kenako ndinati ndikabwerako kunja kwa dziko. Ndaimapo m'maholo akuluakulu a maiko a eni, pamaso pa madotolo a imvi, kufotokoza za mwana wina wothawa nkhondo amene mayi wake ananamiziridwa. Anthu ankaomba m'manja. Nditakuuzani munaseka kuti, "Akuluakulu onsewo kusiya ntchito zawo kudzamvetsera iwe?" Nkhani yanu ndinaiyendetsa dziko lonse, koma pabwalo la kwathu, pamene inkafunika, sindinaifikitse. Ichi chimandipweteka kuposa imfa yanu.

Kafukufuku wanga yense anachokera kuseri kwa nyumba ya azakhali kuja. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa amayi obwera ndi ana ku chipinda chathu funso limene m'mabuku mulibe: kumudzi anati chiyani mwana atayamba kutupa? Amayamba ayang'ana kukhomo, kenako amalankhula motsitsa mawu. Wina anati tsempho, wina ufiti, wina anati apongozi ake anamuuza kuti ayambe waulula asanakwere galimoto. Ndinaona kuti ana ambiri, a magazi ndi a khansa omwe, sachedwa chifukwa cha mtunda wokha. Amachedwa chifukwa pakhomo amayamba kufufuza kuti wachita ndani asanafufuze kuti n'chiyani. N'chifukwa chake ndinalimbikira zoti tiziboola kachidendene ka mwana akangobadwa, kadontho ka magazi papepala, kuti dzina la matenda lizifika pakhomo mlandu usanafike. Tinayamba m'zipatala zing'onozing'ono zochepa, ndipo pa positu ya zaumoyo ya ku Chiuta ndinachita kukakamira kuti pakhale nawo. Mapepalawo amayenda pa njinga yamoto, atakulungidwa m'pulasitiki poopa mvula.

Koma Anjelina anabadwira kwa agogo ake kunyanja ku Amaramba, kumene ntchito yathu sinafike. Armando ndinamuuzapo kamodzi pafoni asanakwatire kuti iye ndi Fatima akapimitse magazi, iye anati tidzaona, ine osabwerezanso. Ana a eni ndawagwira ambiri, wa mlongo wanga weniweni ndiye anandipulumuka.

Mwezi watha foni inalira ndili pakati poyendera odwala. Anali Fatima, pa foni yobwereka, akulankhula ngati munthu wobisala. Anati, "Alamu, mwana watupa manja ndi mapazi. Akuti ndamusempha. Kwathu timati ndaka. Ine sindinachite kanthu, alamu, Mulungu akundiona." Armando anali atakhala miyezi iwiri ku Cuamba kogula nandolo, ndiye anthu anawerenga masiku monga anawerengera azakhali. Ndinakwera sitima, kenako shapa, kaminibasi kaja, kenako njinga yamoto, ndipo njira yonse ndinkangomva mawu anu akuti, "Palibe."

Ndinapeza katundu wa Fatima atamangidwa kale mu kapulana, mayi ake atabwera kuchokera ku Amaramba kudzamutenga. Anali atamuletsa kukhudza mphika. Mwana anali ndi mphini zatsopano pamanja otupawo ndi kachingwe ka mankhwala m'chiuno, koma kuchipatala anali asanapite naye, ati mayi ake ayambe aulula. Armando anandipatsa moni akuyang'ana pansi. Ndinamufunsa kuti, "Iwe ukukhulupirira zimenezi?" Anati, "Achemwali, ine sindikudziwa. Anthu akuti zinachitikaponso pakhomo pano." Mwamva, Amayi? Mwana wanu yemwe, amene munamubereka ndi kumulera, anakula akumva nkhaniyo kumbali ndipo sanadziwe choti aikhulupirire kapena ayi.

Ndinali nditanyamula zopimira za msangamsanga. Ndinayamba ndi mwana, nditamupatsa kaye mankhwala oletsa ululu ndi madzi, ndipo zinaonetsa zimene maso anga anali ataona kale. Ndinapima Fatima, mbewu ilipo. Ndinapima Armando, mbewu ilipo. Kenako ndinagwada pafupi ndi mpando wa ababa n'kunena kuti, "Ababa, ndibwerekeni chala." Iwo anabisa manja m'khwapa. Anati, "Tiye undiperekeze kumunda, ndikaone nandolo." Munthu wosaona bwino kukaona nandolo amene anakololedwa kale. Ndinawagwira mkono tinapita.

Titafika pa chulu chija munkapumirapo anaima. Anafunsa kuti, "Kachitsulo kakoko kamaonetsa zonse?"

Ndinati, "Zonse ziti, ababa?"

Anati, "Zimene munthu anachita."

Ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yawo kuseka kunathawa. Anakhala pansi, chipewa chili m'manja, ndipo anandiuza. Ku esiteti kuja anali ndi mkazi wina. Ulendo wina atabwera kudzationa, Tomasi anawathamangira, iwo n'kumunyamula asanasambe mankhwala alionse. Patatha masabata atatu anamva kuti mwana watupa. Anati, "Ndinamupha ndine, Zelita. Ndinafika ndi mawu ali pakamwa, koma ndinapeza mlandu atausenza kale mayi ako, ndipo ndinaopa mlongo wanga, ndinaopa anthu. Ndinati ndidzanena mawa." Mawu akuti mawa aja anandilasa, chifukwa ndi omwe ine ndinkanena.

Ndinawauza zoona, poti ndiyo ntchito yanga. Ndinati Tomasi anabadwa ndi matendawo, akanatupa ngakhale iwo akanakhala woyera ngati mngelo. Ndinaona mapewa awo akutsika, mpweya wa zaka zonsezo ukutuluka, ndipo ndikuuzeni mosabisa, Amayi, sindinakondwere nazo. Ndinati, "Ababa, Tomasi simunamuphe. Mlandu wanu ndi wa Amayi. Umenewo kachitsulo kanga sikangauchotse." Sindinalankhulepo chotero kwa ababa chibadwire. Ndinati, "Pakhomo pali mwana wa eni amene katundu wake wamangidwa. Mukakhalanso chete lero, ine pakhomo pano sindidzapondanso."

Analira, Amayi. Sindinawatonthoze. Ndinangowadikira, kenako ndinawagwira mkono tinabwerera.

Masana omwewo anatuma Armando kukaitana amayi a pamudzi, aja ankanong'ona, ena mwa iwo tinakwera nawo lole imodzi. Anakhala pansi pa mango, mayi a Fatima ali poteropo ndi mpango wawo kumutu. Ababa anaimirira atatsamira ndodo. Sanalankhule bwino, mawu ankaduka, koma ananena. Anati, "Malemu mkazi wanga Anjelina sanayende njira ina iliyonse. Amene anayenda ndine. Ndinamusiya asenze katundu wanga mpaka kumanda. Lero mwana wanga, amene anaphunzira za magazi, akuti ngakhale ine sindinaphe mwana, matendawa ali m'magazi a banja lino, mbali zonse ziwiri. Chala changa ichi, aboole muone." Ndinaboola anthu onse akuona, ndipo mbewu inapezeka. Ndinafotokoza m'Chinyanja chathu, wopanda kaderinu, wopanda Chipwitikizi, ndipo Fatima ankamasulira mayi ake m'Chiyao, misozi ikutsika.

Kenako ababa analowa m'khitchini mopapasa. Anatuluka ndi kambale kanu kachitsulo. Mukudziwa kuti iwo ndi Fatima ndi apongozi, sapatsana chinthu m'manja, koma anapita pomwe iye anakhala n'kumupatsa ndi manja awiri. Anati, "Apongozi, ndiwo zili pamoto. Kathireni." Fatima anayang'ana mayi ake, anayang'ana Armando, n'kudzuka. Mchere anachulutsa kwambiri, kuposa mmene ndinkachitira ine. Ndiwo zake, matemba, zinali zowawa mchere, koma tonse tinadya, palibe anadandaula. Tili pakati pa kudya Armando anaima, nthongo ili m'manja, n'kunena motsitsa kuti, "Ine mchere wa amayi sindinaulawepo." Ndinawerenga mumtima ndipo ndinapeza kuti akunena zoona, anabadwa inu mutasiya kale.

Musaganize kuti zonse zatha bwino. Amayi ena anachoka akung'ung'udza kuti za kusukulu ndi za kusukulu, tsempho ndi tsempho. Ena tsopano akuloza ababa chala, ndipo iwo satuluka pakhomo kawirikawiri. Armando anamasula yekha mtolo wa Fatima n'kubwezera zovala m'nyumba, koma mawu opepesa sindinawamve, mwina ananena kuseri. Ine ndi ababa tikulankhulana za mbuzi ndi za denga basi. Sindikudziwa ngati ndawakhululukira. Tsiku lina ndimawamvera chisoni, tsiku lina ndimakumbukira inu mutakhala kuseri kwa nyumba ija nokhanokha, mtima n'kuuma gwa.

Anjelina ndinabwera naye kuno pamodzi ndi mayi ake, anakhala masiku khumi, manja anaphwa, ndipo abwerera. Matendawa sindingawachotse, Amayi, ndisakunamizeni. Adzamva ululu nthawi zambiri pa moyo wake, ndipo malungo amene mwana wina amangogona nawo masiku awiri, iye akhoza kumutenga. Koma ali ndi zimene Tomasi analibe. Ali ndi mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, ali ndi neti, ali ndi dzina la matenda ake lolembedwa pa khadi. Fatima ndamuphunzitsa kupapasa kapamba kumanzere kwa mimba, ndi kuyang'ana zikhato ndi m'zikope, kuti akaona kuyera asafunse munthu aliyense chilolezo, angonyamuka. Ali ndi manja abwino mtsikana ameneyu, anagwira msanga kuposa ophunzira anga ena. Tsiku lonyamuka Anjelina anandigwira chala n'kuchifinya, zala zake zonse zikupindika bwinobwino, ndipo ndinachita kutembenukira kukhoma kuti anamwino asandione.

Pali funso limodzi limene ndinabwera nalo kuchokera pa chulu paja. Ndinkafuna kukufunsani ngati munkadziwa za ababa. Koma ndili m'sitima pobwerera, ndikuyang'ana mapiri a ku Cuamba, ndinakumbukira tsiku lija munawasunthira kambale. "Thirani nokha, inu dzanja lanu ndi loyera." Ndinali mwana, ndinamva ulemu wokhawokha. Tsopano ndamva zonse, ndipo ndadziwa chifukwa chake ababa sanadye. Munkadziwa, Amayi. Munadziwa zaka zonsezo, ndipo tsiku lililonse munkaika kambale kaja patsogolo pawo n'kudikira kuti anene okha. Nditabwera ndi kaderinu yanga munaona ngati mwapeza wokuthandizani, ine n'kukuuzani kuti ndidzawauza. Pepani, Amayi. Ndinachedwa ndi chaka chimodzi chokha, koma kwa inu ndi chimodzimodzi ngati sindinabwere.

Mvula ikatha ndidzatenga ababa ndi Armando, tidzadutsa pa Entre Lagos, tikapemphe eni mudzi kutsidya kuti atilole kulowa kumanda. Azakhali a Esinati anapita kale, mwina mwakumana nawo, koma ana awo alipo, ndipo ababa avomera kukanena pabwalo lija zimene ananena pansi pa mango. Ndikufuna dzina lanu liyere kumene linadetsedwera. Ndipo ndikulonjeza kuti malinga ndili ndi mpweya, Anjelina wamng'onoyu sadzagona ndi ululu podikira kuti wina aulule, ndiponso mapepala athu aja adzafika mpaka kunyanja kumene anabadwira.

Tomasi mumupatse moni. Mumuuze kuti mlongo wake uja ankabisala kunkhokwe anakula, ndipo manja ake amawaona tsiku lililonse kuntchito. Ngati kumeneko kuli moto ndi mphika, mumuphikire ndiwo zimene ankakonda zija, za nkhwani wotendera. Zikapsa musaitane munthu, Amayi. Thirani nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Zelita